Tsiku Limene Phungu Anakumba Manda a Mayi Ake

Zikomo a mkulu wa mpingo, koma mawu okoma ajawa mukanasungira munthu wina. Muno mulibe amene sakundidziwa. Ena mwa inu munaponyako miyala pa denga langa, ndipo mmodzi ndi uyo wakhala pafupi ndi zenerayo, akuyang'ana pansi ngati wataya singano. Musachite manyazi, achimwene, dzanja lanu linali lolunjika. Ine ndine Elisoni Muhowa, uja munkamutcha kapirikoni, wogulitsa dziko. Andiitana kuti ndilankhule ndi abambo amene mowa wawakhazika pa benchi ya kumbuyo m'tchalitchi muno. Koma ndikuona kuti kwabweranso a ndale, a mataye atsopano, amene akusaka mipando pa zisankho zikubwerazi. Abwera kudzaonera nyani wokalamba akuvina. Chabwino, onerani. Sindinabwere kudzakusangalatsani, ndipo sindikupempha aliyense kuti andikonde.

Makolo anga anachokera kwa Apwitikizi wapansi, kuthawa chibalo. Anayamba athyola tiyi ku Thyolo, kenaka n'kudzapeza kamunda kuno ku Chigumula. Bambo anamwalira ine ndisanadziwe kuwerenga. Mayi ndiwo anandiphunzitsa, ndi chinangwa chophika chimene ankasenza m'mawa uliwonse kukagulitsa pa msika wa ku Limbe. Ndinatuluka sukulu ndili kalaliki, wolemba bwino, koma chuma changa chenicheni chinali pakamwa. Mphekesera za Chitaganya zitayamba, zoti dziko lathu alimangirira kwa azungu a ku Halale, ine ndinali woyamba kukwera pa mgolo pa Ginnery Corner nthawi yoweruka. Ndikatsegula pakamwa, anthu a m'mafakitale ankaiwala njala. Amuna ankandinyamula pa mapewa. Amayi ankatunga madzi ndi kuphikira misonkhano yanga, ena ndi ufa wa m'nyumba mwawo, ana awo n'kugona ndi phala.

Chitaganya chinabwerabe, tikufuna tisakufuna. Ndiye anati m'nyumba ya malamulo ya ku Halale mukhale mipando ingapo ya anthu akuda. Ine ndinautenga umodzi. Ndinakuuzani kuti ndikupita kukachigwetsa ndili m'kati, ndipo ndikulumbira, chaka choyamba ndinkakhulupirira zimenezo inenso. Koma mpando wa khushoni uli ndi mankhwala ake. Anandipatsa chiphaso chogulira mowa wa azungu, umene inu mukanapezeka nawo mukanagona m'chitokosi. M'masitolo a m'tauni momwe inu munkagulira pa windo, ine ndinkalowera pa khomo. Azungu a ku Sunnyside ankandiitanira tiyi, ndipo wondithirira tiyiyo anali munthu amene tinkapemphera naye muno. Ndinkamuyang'ana ngati sindinamuonepo. Mayi anandiuza tsiku lina kuti, “Mwanawe, ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame.” Ine ndinaseka, n'kuwagulira nsalu.

Tsopano mverani bwino, inu a mataye, chifukwa chimene chinandigwetsa si chimene mukuganiza. Ndi maliro.

Munthu wa ndale amaitanidwa ku maliro sabata iliyonse. Ine ndinayamba kuona kuti kukhala pa mphasa tsiku lathunthu, suti n'kumada ndi fumbi, n'kutaya nthawi ya munthu wofunika. Ku Halale ndinali nditaona momwe akuluakulu a kumeneko amachitira: amatumiza kalata. Ndinasindikizitsa mulu wa makalata a chipepeso, a Chingerezi, pa pepala lolimba la mkombero wakuda. Pakati panali mpata woti kalaliki wanga alembepo dzina la womwalirayo. Uthenga wa maliro ukafika ku ofesi kwanga ku Limbe, kalaliki ankadinda dzina langa pansi, mesenjala n'kukwera njinga. Ine ndinkati ndachita ulemu waukulu. Zaka zitatu sindinaponde pa manda a munthu.

Zotsalazo mukuzidziwa, sindichedwapo. Anzanga a chipani anati onse okhala ku Halale atule pansi mipando, ine ndinakana. Anandichotsa. Miyala inagwa pa denga. Ndinati palibe kanthu, azungu ali nane. Nthawi yanga itatha, azunguwo anapeza wakuda wina womwetulira bwino kuposa ine, ndipo tiyi wa ku Sunnyside anauma tsiku lomwelo. Chimene chinatsala nane ndi ludzu. Wisiki atandithawa ndinatsikira ku kachasu. Mkazi wanga anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Chiradzulu, ndipo anachita bwino, chifukwa ndinali nditayamba kumukweza dzanja. Masuti ndinagulitsa imodzi imodzi mpaka inatsala ya pathupi. Masana dzuwa likuswa mtengo ndinkapezeka ndagona m'ngalande pafupi ndi njanji ku Limbe, ndadzikodzera, anthu odutsa akundiyimbira nyimbo zomwe zija ankandiyimbira ndili pa mgolo. Inu a benchi ya kumbuyo musaseke, fungo limenelo mukulidziwa.

Mayi anamwalira mu Okutobala, Lachitatu. Mlongo wanga Elube anandisaka m'nyumba za kachasu zitatu, n'kudzandipeza yachinayi. Ndinafika ku Chigumula kuno Lachinayi m'mawa, mutu ukuwawa, kabotolo kali m'thumba la jekete. Amayi anali atadzaza m'nyumba, akuyimba, thupi atalisambitsa kale, chifukwa mayi anga sanajombepo pa maliro a munthu. Bokosi linali litakhomedwa. Ndinati zonse zili m'malo. Koma Elube anandikokera kuseri kwa nkhokwe, maso ali psuu.

“Achimwene, kumanda sikunayambike.”

“Bwanji? Adzukulu sanamve?”

“Amva. Ali komweko. Akuti mupite.”

Inu nonse mukudziwa mwambo wathu. Mwini maliro sakumba. Mwana sagwira khasu pa manda a kholo lake, ntchito yake n'kulira. Okumba ndi adzukulu, anthu a pamudzi amene si abale, ndipo amakumba chifukwa mawa iwe udzawakumbira. Ine ndinapita ndikuganiza kuti akufuna ndiwaloze malo.

Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo, amuna ngati khumi ndi awiri, makasu ndi mapiki atawagoneka patsogolo. Palibe anaimirira. Mkulu wawo anali a Zuze, Msena wa ku chigwa, wonyamula mabelo a thonje pa Ginnery Corner. Ali muno, ndi awo avala malaya a khaki, ndipo sandiyang'ana. Asandiyang'ane, n'zawo. Masiku a mgolo aja a Zuze ndiwo ankandigwirira mgolowo kuti usagwedezeke.

Ndinapereka moni. Anayankha ndi mphuno.

“Mwafika, Olemekezeka,” anatero a Zuze. “Ife timati mutumiza kalata.”

Ena anaseka. Ine magazi anandikwera. Ndinayamba kulankhula monga ndinazolowera, za chisoni chimene chagwera tonse, za umodzi wa anthu akuda. A Zuze anangondidikira ndithe, kenaka anatola piki n'kuiponya pa mapazi anga.

“Msonkhano watha? Malo ndi awo, tayeza kale. Yambani.”

“A Zuze, awa ndi mayi anga ondibala. Mwana sakumba.”

“Nkhabe! Ayi!” Akakwiya amabwerera ku Chisena chawo. “Mwana wa pamudzi sakumba. Inu ndinu wa mudzi uti? Pano taika anthu angati inu muli ku Halale? Mwaponyapo dothi pa ndani? Kumbani.”

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna nkhope imodzi yondimvera chisoni. Panalibe. Ndinkadana nawo nthawi imeneyo, ndinene zoona, ndinkafuna nditaitana apolisi awamange onse. Koma ndani akanamvera chidakwa chonunkha? Ndipo dzuwa linali likukwera, la mu Okutobala, mayi ali m'bokosi m'nyumba ya malata. Tonse tinkadziwa kuti thupi silingadikire mawa.

Ndinagwira piki. Dothi la kuno nthawi ya chilimwe mukulidziwa, n'chimodzimodzi njerwa yowotcha. Nditamenya koyamba piki inadumpha, n'kutsala pang'ono kunditema mwendo. Manja anga anali a cholembera ndi tambula. Pasanathe ola matuza anali atatuluka n'kuphulika, mpini ukuterera ndi magazi. Thukuta langa linkanunkha kachasu. Ndinasanza kawiri. Iwo ali phee pamthunzi, wina akupichira fodya, wina akusenda nzimbe. Dzuwa litafika pamutu, dzenje linali litangondifika m'mawondo.

Jekete ndinali ndisanavule, poopa kuti aona chimene chili m'thumba. Ndiye powerama kuti nditape dothi, kabotolo kaja kanapulumuka n'kugwera m'dzenjemo. Sikanasweke. Kanangogona apo, m'manda a mayi anga, kakunyezimira.

Onse anakaona. Ngakhale wa nzimbe uja anasiya kutafuna.

“Imwani, Olemekezeka,” anatero a Zuze. “Kapena mwawabweretsera mayi kamba wa panjira?”

Abale anga, ndatukwanidwapo ndi azungu m'nyumba ya malamulo, ndagendedwapo, koma manyazi ngati amenewo sindinawamvepo. Choipa kwambiri n'chakuti kukhosi kwanga kunkafunadi. Dzanja linkafuna kukatsegula. Ndinakatola, n'kukaponya kutali m'tchire, ndipo mtima wanga unakatsatira mpaka pamene kanagwera.

Apo a Zuze anadzuka. Anabwera pamphepete pa dzenje, ine ndili m'munsi, iwo pamwamba. Anapisa m'thumba n'kutulutsa pepala lopindapinda, lakuda ndi thukuta. Ndinalizindikira ndi mkombero wake.

“Kalata iyi munanditumizira mkazi wanga atamwalira. Ine Chizungu sindidziwa. Ndinaisunga kuti mwini wake adzandiwerengere. Werengani, m'Chinyanja, onse amve.”

Ndinailandira ndi manja a magazi. Ndinayamba kumasulira: kuti Wolemekezeka a Muhowa amva ndi chisoni chachikulu za imfa ya... Pamenepo ndinaima. Mpata uja unali woyera. Kalaliki wanga sanalembepo kanthu. Anangodinda pansi n'kupereka kwa mesenjala.

“Pitirizani. Imfa ya ndani?”

“Sanalembepo, a Zuze. Kalaliki anaiwala.”

“Ndikudziwa. Aphunzitsi amene ndinawapatsa kuti awerenge pa maliro paja, pamaso pa apongozi anga, anaimanso pomwepo. Kalaliki aiwale, sanadyepo za m'manja mwa mkazi wanga. Koma inu munadya. Zaka ziwiri ankakuphikirani pa misonkhano. Tsiku lija munasasa mawu ku Ndirande, anakuwiritsirani mandimu ndi iyeyo. Lembanipo lero ndi pakamwa. Dzina lake anali ndani?”

Ndinamuona mayiyo m'maso mwanga. Wamfupi, wa mpata m'mano, wokonda duku lobiriwira. Ndinaona ngakhale kapu ya mandimu ija. Koma dzina, ayi. Ndinafufuza m'mutu monse. Ine amene ndinkatchula malamulo a Chitaganya ndime ndi ndime osayang'ana pa pepala, ndinalibe dzina la munthu amene anandidyetsa. Ndipo sikuti ndinaliiwala. Sindinalifunsepo.

“Sindikulidziwa,” ndinatero.

“Kwezani mawu, muja munkachitira pa mgolo.”

“Sindikulidziwa!”

Ndinakhala pansi m'dzenjemo n'kulira. Sindinalire mayi, ndisakunamizeni, mayi ndinawalira pambuyo pake. Ndinalira chifukwa kwa nthawi yoyamba ndinadziona momwe anthu awa ankandionera. Zaka zonse zija ndinkati munandida chifukwa cha ndale, chifukwa cha nsanje, chifukwa simunaphunzire. Ndinkati ndine munthu wamkulu wozunzidwa ndi mbuli. M'dzenje muja bodza limenelo linandithera.

Amene anatipulumutsa ndi Elube. Anabwera kuchokera kunyumba, chinthu chimene mkazi sachita manda asanathe, n'kugwada patali.

“A Zuze, pepani bambo. M'nyumba mwayamba kusintha. Amayi aja sanakulakwireni.”

A Zuze anavula malaya.

“Tulukanimo,” anandiuza. “Mukutiwonongera manda, akhota. Tikukumbira mayi amene anasambitsa mkazi wanga. Inu simukutikhudza.”

Anandikoka ngati thumba n'kundisiya pa mulu wa dothi. Ntchito imene inandilaka theka la tsiku, iwo anaitsiriza dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Mayi analowa m'manda tsiku lomwelo. Pa nthawi ya mawu a banja, analankhula ndi amalume. Ine, mwini pakamwa, anandiuza kuti ndikhale kumbuyo, ndipo ndinakhala.

Tsopano inu a benchi ya kumbuyo mukufuna kumva kuti kuyambira tsiku limenelo sindinalawenso. Bodza. M'mawa mwake ndinapita m'tchire muja kukasaka kabotolo kaja, ndipo ndinakapeza. Ndinagwanso kawiri miyezi yotsatira. Munthu akakuuzani kuti mowa unamuchoka ngati chimfine, ameneyo akufuna mumuwombere m'manja. Ine ndikuuzani zimene ndinachita, muzitenge kapena muzisiye.

Ndinabwerera m'nyumba ya mayi kuno, kusiya Limbe ndi anzanga a kumeneko, amene palibe ndi mmodzi yemwe anabwera ku maliro. Ndinagula khasu langalanga. Belu la maliro likalira, kaya ndi a ndani, kaya ndi a munthu amene anandigenda, ndinkakhala woyamba kumanda. Poyamba adzukulu ankandithamangitsa. Ndinkakhala patali, n'kumatuta miyala imene afukula. Atatopa nane anayamba kundisiya ndilowe m'dzenje pamene pali thanthwe, pamene aliyense sakufuna. Chakudya cha adzukulu chikabwera, ankadya atandifulatira. Zaka zitatu sindinapisepo dzanja m'mbale yawo.

Ntchito ndinaipeza pa sitolo ya Mmwenye ku Limbe, yoyeza nsalu. Phungu wa dzana, lero akuti “mayadi angati, mayi?” Ena ankabwera osati kudzagula koma kudzandiona, monga mwachitira inumu. Poweruka ndinkazungulira njira yaitali kuti ndisadutse pa nyumba ya kachasu ija, chifukwa ndinadziwa kuti mphuno yanga ndi yamphamvu kuposa mapemphero anga. Malipiro ndinkapereka kwa Elube osatsegula envulopu. Ludzu likandigwira Loweruka masana, ndinkatenga khasu n'kukalambula kumanda mpaka mikono italema. Ndipo ndinapita ku Chiradzulu kukagwada pamaso pa apongozi. Mkazi wanga sanabwerere, ndipo sindimunena. Ana amabwera pa tchuthi.

Koma chimene chinkandidya chinali dzina lija. Mudzati n'chapafupi, ukanangofunsa. Ndinafunsa. Ndinafunsa Elube, anati, “Mukafunse a Zuze.” Ndinafunsa aphunzitsi aja, yankho lomwelo. Mudzi wonse munapangana, inu nomwe muli muno, ndipo ndinakutukwanani mumtima nthawi zambiri. Ndinapita pa manda a mkazi wa a Zuze, mtanda unali utadyedwa ndi chiswe. Kwa a Zuze enieniwo ndinapita katatu. Kachitatu anandiuza kuti ndikabweranso andimasulira galu. Ndinadziwa kuti tsiku limene dzinalo lidzatuluke m'kamwa mwawo ndi limene ndidzakhalenso munthu wa pano, woti akafa anthu adzamukumbira. Popanda ilo, ndinali mlendo wodikira kukwiriridwa ndi akaidi a boma.

Kuyambira pamenepo ndinayamba chizolowezi chimene ena mumandiseka nacho. Maliro aliwonse ndimafunsa dzina la womwalira, la bambo ake, kwawo, ndi amene wasiya. Sindilemba pa pepala. Mapepala ndinathana nawo. Ndimasunga m'mutu, ndipo pokumba ndimalitchula.

Mwezi wathawu tinkakumba manda a mkulu wina wa ku njanji. Tinagunda thanthwe, ndipo m'dzenje tinatsalamo awiri, ine ndi a Zuze, kusinthana piki. Zaka zitatu chichitikire za mayi, anali asanandilankhulepo mawu opitirira “tapa” ndi “tuluka”. Ndinamenya mwala uja mpaka unang'aluka. Iwo anawerama kuti autukule, ndipo ali chiweramire, osandiyang'ana, anati:

“Malita.”

Ndinaima ndi piki m'mwamba.

“Anali Malita. Musati ndakukhululukirani, a Muhowa. Sindinatero, ndipo mwina sindidzatero. Koma mukukalamba, chifuwa chanucho ndikuchimva. Sindifuna kudzakumbira munthu wosadziwa dzina la mkazi wanga. Gwirani uko, mwalawu ngolemera.”

Ndinagwira. Tinautulutsa. Chakudya chitabwera, palibe anandifulatira.

Ndiye inu a mataye, amene mwayamba kale kuyenda ngati mipando mwaipeza, ndikukuonani. Chitaganya chikufa, aliyense akuona, ndipo mipando imene ikubwera ndi yofewa kuposa umene ndinakhalira ine. Mukuti inu simungakhale ngati Muhowa chifukwa muli kumbali yolondola. Inenso ndinali kumbali yolondola, ndili pa mgolo. Ndikufunseni chimodzi: mayi amene anakuphikirani pa msonkhano wa dzulo, dzina lake ndani? Musayankhe, nkhope zanu zayankha kale.

Mawa kuli maliro kumtunda kuno, a mayi Esitere Nahipa, mwana wa a Jemusi, wasiya ana anayi. Tikuyamba kukumba kukangocha. A benchi ya kumbuyo, bwerani ndi makasu, mudzatuluke thukuta la mowawo. A mataye, mataye musiye kunyumba. Amene sangathe kubwera angokhala, koma asayerekeze kutumiza kalata.

A Zuze, ndanena pamaso pa anthu tsopano. Anali Malita, wa duku lobiriwira, ndipo mandimu aja sindinamuthokoze.